Muizenberg: mafunso ndi mayankho pa za gombe la ma surfer ku Cape Town

Amene muli ku Cape Town, makamaka a ku Capricorn, Vrygrond, Seawinds ndi Retreat, Muizenberg mumaidziwa, ena mumadutsapo pa sitima mmawa uliwonse, ena mumagwira ntchito mmalesitilanti a pa gombe pomwepo. Achibale kumudzi nawo amangoona zithunzi za tinyumba tamitundumitundu tija pa Facebook nkumafunsa kuti kodi kumeneku nkuti. Mafunso amene amabwera kawirikawiri ndi awa.

Kodi Muizenberg ili mbali iti?

Ili kummwera kwa Cape Town, pafupifupi makilomita 25 kuchoka mtauni, pakona pamene phiri limakumana ndi nyanja ya False Bay. Mukakwera sitima ya Southern Line yopita ku Fish Hoek ndi Simon's Town, siteshoni yoyamba imene mumayamba kuona mafunde pawindo ndi imeneyo. Mukatsika nkuyenda pang'ono basi mwafika pa Surfer's Corner. Kuyambira pamenepo gombe limangopita, kudutsa Sunrise Beach, Strandfontein, Mnandi, Monwabisi, mpaka uko cha ku Strand.

Anayamba kukhala pamenepa ndani?

Azungu asanabwere kunali a Khoi ndi a San, ankadyetsa ziweto, kutola nkhono ndi kugwira nsomba mmbali mwa nyanjayi. Kampani ya ma Dutch ija, VOC, itaona kuti nthawi yozizira zombo zake zikuphwanyika ndi mphepo ku Table Bay, inalamula cha mma 1740 kuti miyezi imeneyo zombo zizikocheza ku Simon's Bay. Ndiye katundu ndi anthu amayenera kuyenda pa ngolo kuchoka kumeneko kupita ku Cape Town, ndipo njira inali imodzi yokha, kampata kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja. Pakampatapo anaikapo asilikali olondera, mkulu wawo anali Wynand Muijs, ndipo dzina la malowa linachokera kwa iyeyu. Kanyumba kakale koyera kotchedwa Het Posthuys kakadalipo pa Main Road, anthu ambiri amangokadutsa osadziwa kuti ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mderali.

Akuti panachitika nkhondo, nzoona?

Nzoona, pa 7 August 1795. Chaka chimenecho ma French anali atalanda dziko la Netherlands, ndiye ma British anachita mantha kuti Cape nayo igwa mmanja mwa ma French, njira yawo yopita ku India nkutsekeka. Anatumiza zombo motsogozedwa ndi Elphinstone, asilikali apamtunda ali ndi Craig. Ma Dutch anakamanga msasa pakampata paja poganiza kuti pamenepo palibe angadutse, koma anaiwala kuti ali pambalambanda kwa munthu amene ali panyanja. Zombo zinangoyandikira nkuyamba kuwomba mizinga, masana omwewo msasa unabalalika. Kumbali ya ma Dutch kunalinso asilikali achikhoi, nkhani zambiri siziwatchula. Pofika September Cape yonse inali ya ma British. Anaibweza mu 1803 nkudzailandanso mu 1806. Inali nkhondo yaing'ono ndithu poyerekeza ndi zina, koma Chingerezi chimene mumayankhula ndi abwana anu ku Joni kuno chinalowera pamenepa.

Nanga Cecil Rhodes zikumukhudza bwanji?

Anafera pompano. Anagula kanyumba kakang'ono mmbali mwa nyanja mu 1899 chifukwa anali ndi vuto la mtima ndipo ankafuna mpweya wa kunyanja, anamwalira mmenemo pa 26 March 1902 ali ndi zaka 48. Mtembo anaunyamula pa sitima mpaka ku Bulawayo nkukauika ku mapiri a Matobo ku Zimbabwe. Kanyumbako pano ndi museum. Kwa ife si munthu wachilendo ayi, kampani yake ya British South Africa Company ndi imene inkalamulira dziko limene pano ndi Zambia ndi Zimbabwe, komanso zaka zoyambirira za boma la Harry Johnston ku Nyasaland ndalama zina zoyendetsera boma zinkachokera kwa iyeyu. Chimene chimadabwitsa ukalowamo ndi kuchepa kwa chipindacho, munthu amene anatcha maiko awiri dzina lake.

Zinatheka bwanji kuti malowa atchuke chonchi?

Njanji. Sitima inafika ku Muizenberg mu 1882, ndipo pasanapite nthawi golide anapezeka ku Johannesburg, anthu amene analemera ndi migodi anayamba kumanga nyumba zatchuthi mmbali mwa phirili. Herbert Baker, yemwe uja anajambula Union Buildings ku Pretoria, anajambulanso nyumba zina kuno, ina ndi Rust en Vrede imene inali ya Abe Bailey. Casa Labia, nyumba yooneka ngati ya ku Italy ija, ndi ya cha mma 1929. Siteshoni ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba inatsegulidwa mu 1913. Ndipo kalata zoyamba kuyenda pa ndege mu South Africa yense zinatera kuno, pa 27 December 1911, kuchokera ku Kenilworth, ulendo wa mphindi zochepa chabe.

Kuyambira mma 1920 mpaka mma 1960 December aliyense kunkadzaza, makamaka mabanja achiyuda ochokera ku Johannesburg ndi ku Rhodesia, ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Lithuania. Kunali mahotela ambirimbiri, sunagoge, ndi pavilion yaikulu imene anadzaigwetsa. Kenako zinthu zinatembenuka, amene anali ndi ndalama anayamba kukonda Clifton, Camps Bay ndi Plettenberg Bay, ena anasamukira kunja, mahotela anatsekedwa kapena kusanduka nyumba za nkhalamba. Pofika mma 1990 nyumba za kugombe zinali zitatha, eni ake akungodula zipinda ndi mabolodi nkumalowetsamo anthu othawa nkhondo ochokera ku Congo, Angola ndi Rwanda, lendi nkumatolera koma osakonza kalikonse. Anthu akamakamba za nthawi imeneyo amakonda kuloza chala obwerawo, ine ndimaona kuti amene anaononga nyumbazo ndi amene ankalandira lendi. Kuchokera cha mma 2000 anayamba kukonzanso, ndipo mu 2003 hotela ina yakale inasanduka sukulu ya masamu ya AIMS imene anayambitsa Neil Turok, kumabwera ophunzira ochokera mu Africa yense. Kukonzako kwabwera ndi mtengo wake, lendi pano si yamasewera.

Kodi anthu akuda ankaloledwa kusambira pamenepa?

Ayi, nthawi ya tsankho gombe la Muizenberg linali la azungu. Lamulo la Group Areas la 1950 linagawa malo okhala, la Separate Amenities la 1953 linagawa mabenchi, zimbudzi, kenako mpaka nyanja imene. Ma coloured anawapatsa Strandfontein, anthu akuda anawakankhira ku Mnandi ndi Monwabisi, ndipo mukafunsa opulumutsa anthu mmadzi akuuzani kuti kumeneko madzi ake ndi oopsa kwambiri, amakoka. Ndiye kuti gombe lofatsa, lomwe mwana angaphunzirepo kusambira, linapita kwa azungu, loopsa linapita kwa anthu amene analibe ndi maiwe osambiramo omwe. Mu 1967 Simon's Town anailengeza kuti ndi ya azungu, mabanja anawasamutsira ku Ocean View. Asodzi a ku Kalk Bay anakana ndipo ambiri anatsala. Vrygrond, pomwe Amalawi ambiri akukhala lero, ndi amodzi mwa malo akale kwambiri a zisakasa mu Cape Town, anayamba ndi mabanja a asodzi, ndipo anthu ake anavutika zaka zambiri ndi kugwetseredwa nyumba.

Mu 1989 Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda magombe a azungu ku Strand ndi ku Bloubergstrand, November chaka chomwecho pulezidenti De Klerk analengeza kuti magombe atseguke kwa aliyense, lamulo lenilenilo linafafanizidwa mu 1990. Mukamamva mnzanu wa ku Capricorn akunena kuti zosambira mnyanja nza azungu, dziwani kuti maganizo amenewo anachita kumangidwa ndi malamulo, ndipo zikwangwani zinachoka koma iwo anatsala. Pitani pa 26 December kapena pa 1 January mukaone, mataxi ndi mabasi ochokera ku Cape Flats yonse, mapoto a chakudya, agogo atakhala pa mchenga ndi maambulera, popondapo palibe.

Surfing inayamba liti kuno?

Anthu amati surfing, masewera okwera mafunde pa bodi, mu South Africa inabadwira pano. Chithunzi chakale chimene chimatchulidwa ndi cha 1919, cha mayi wina dzina lake Heather Price ali ndi thabwa limene anabwereka kwa asilikali apamadzi a ku America amene chombo chawo chinaima ku Cape Town pobwerera kwawo nkhondo yoyamba itatha. Mma 1920 anthu ambiri ankachita yogona chamimba pa timatabwa tating'ono tobwereka pagombe pompo. Yoimirira inadzafala mma 1960 atayamba kupanga mabodi opepuka. Corner Surf Shop, imene ikadalipo, inatsegulidwa mu 1971. Mu 2009 anthu 110 anakwera funde limodzi nthawi imodzi pa Surfer's Corner nkulowa mu Guinness, ndipo amene anasewerapo Loweruka la dzuwa akuuzani kuti masiku ena zimakhala ngati akufuna kuphwanya rekodiyo mosapangana.

Bwanji aliyense wophunzira amapita ku Muizenberg osati kwina?

Ndi mmene malowa anakhalira. Mafunde akuluakulu a kuno amachokera kummwera chakumadzulo, kutali kwambiri mnyanja. Mbali ya Atlantic, ku Kommetjie, Llandudno ndi Hout Bay, amafika ndi mphamvu zawo zonse. Koma kuti afike ku Muizenberg amayenera kukhota kaye pa Cape Point nkuyenda mtunda wonse wa False Bay, pofika amakhala atatopa. Chachiwiri pansi pake ndi mchenga ndipo pamatsetsereka pang'onopang'ono, mutha kuyenda kamtunda ndithu madzi akadali mchiuno. Ndiye funde silimagwa kamodzi ngati khoma, limasweka pang'onopang'ono nkumakankha thovu mtunda wautali, wophunzira amakhala ndi nthawi yogwada, kugwa, kudzukanso. Akatswiri ena amapanyoza kuti ndi pa ana, koma a mabodi aatali aja a longboard amapakonda zedi.

Mphepo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira cha mu October mpaka March kumaomba ya kummwera chakummawa, ija amati Cape Doctor. Amene munakulira kunyanja kwathu ingoganizani mwera, kungoti wa kuno amabwera nthawi yotentha. Ikaomba imachokera kunyanja kubwera kumtunda, mafunde amasokonekera, mchenga umalowa mmaso ndi mchakudya momwe ndipo umakwirira msewu wa Baden Powell Drive mpaka amachita kubweretsa mathirakitala. Nthawi yozizira, May mpaka August, kumaomba ya kumpoto chakumadzulo, imeneyo imachokera kumtunda nkumawasalaza mafunde. Nchifukwa chake mumaona anthu akuthamangira mmadzi mu July inu mutavala majekete awiri, si misala, nyengo yabwino ya surfing ndi imeneyo.

Madzi ake ndi ozizira bwanji?

Kwa munthu wozolowera Senga Bay ndi ozizira, tisanamizane. Nthawi yotentha amafika cha mma 20 digiri, nthawi yozizira amatsika cha mma 14. Komabe ndi ofunda poyerekeza ndi Camps Bay, chifukwa mphepo yomwe ija ya chilimwe mbali ya Atlantic imakankhira madzi apamwamba kutali nkutulutsa apansi oundana, pomwe ku False Bay imaunjika madzi ofunda apamwamba kugombe. Wetsuit, chovala cha mmadzi choteteza kuzizira, ndiyofunika, amabwereketsa limodzi ndi bodi.

Nanga ma shaki? Si kumene amadya anthu kumeneku?

Funso ili ndiye silisowa. Pakati pa False Bay pali kachilumba ka miyala kotchedwa Seal Island pomwe pamakhala ma seal masauzande ambirimbiri, ndipo kwa zaka zambiri amenewa ndi amene ankakoka ma great white. South Africa inali dziko loyamba kuteteza shaki ameneyu mwalamulo, mu 1991. Mu 2004 mnyamata wina anaduka mwendo pa Muizenberg, chaka chomwecho mayi wina wachikulire anaphedwa ku Fish Hoek, anthu anachita mantha ndipo bizinesi ya masukulu a surfing inatsala pang'ono kugwa. Mmalo mopha ma shaki kapena kutchera maukonde ngati ku Durban, omwe amaphanso akamba ndi ma dolphin, ma surfer anapempha anthu olondera magalimoto kuti wina azikhala paphiri nkumayang'ana mmadzi. Shark Spotters inayamba choncho, ndi foni ndi maso basi, kenako City of Cape Town inayamba kuikapo ndalama. Mpaka lero pa Boyes Drive pamakhala munthu ndi magalasi ndi wailesi ya mmanja, akaona chinthu amauza mnzake wa pagombe, sairini nkulira.

Chodabwitsa nchoti ma great white aja anasowa. Kuyambira cha mu 2017 anayamba kuchepa, mu 2019 ma spotter sanaone olo mmodzi. Ambiri amaloza ma orca, anangumi olusa, awiri otchedwa Port ndi Starboard, amene amapha ma shaki nkudya chiwindi chokha, ena amati vuto ndi usodzi umene watha tima shaki ting'onoting'ono tomwe great white amadya, akatswiri akadakanganabe. Amene amaoneka kwambiri pano ndi ma bronze whaler, ndipo nawonso sairini amawaimbira. Chimene chili chatsopano ndi chiwewe, mu 2024 anatsimikiza kuti ma seal ena a ku Cape ali nacho. Seal akakuyandikirani kapena mukamupeza pamchenga musamuseweretse, galu wanu mumugwire, ndipo akakulumani tsukani bala ndi sopo nthawi yomweyo nkuthamangira kuchipatala.

Mbendera za Shark Spotters pagombe zimatanthauza chani?

Yobiriwira, madzi akuoneka bwino ndipo spotter sakuona shaki. Yakuda, madzi sakuoneka bwino, atha kukhalapo osaoneka, ndipo masiku ambiri imakhala imeneyi. Yofiira, samalani kwambiri, waoneka posachedwa kapena pali zinthu zomukopa. Yoyera yokhala ndi shaki wakuda, limodzi ndi sairini, tulukani. Osathamanga mokuwa, ingotulukani. Palinso mbendera zina zofiira ndi zachikasu za ma lifeguard, osambira azikhala pakati pa zimenezo.

Nthawi zina madzi amakhala abulauni, kodi ndi zonyansa za mmasuweji?

Kawirikawiri ayi. Zigamba zabulauni zimene zimaoneka pomwe mafunde akusweka ndi tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa Anaulus australis, timachulukana mmagombe a mchenga ngati limeneli makamaka mphepo ya chilimwe ikaomba, ndipo ndi chakudya cha nsomba ndi nkhono. Sitidwalitsa.

Koma osati nkhani ya masuweji ndi yabodza. Kuseri kwa Muizenberg kuli dambo la Zandvlei, pomwe mitsinje ya Keysers, Westlake ndi Sand imathera isanalowe mnyanja. Ndi malo ofunika kwambiri chifukwa mu False Bay yonse ndi pokhapa pomwe patsala pogwira bwino ntchito ngati mokulira tiana ta nsomba, monga white steenbras, leervis ndi ma harder, timalowa tili ting'onoting'ono nkudzatuluka titakula. Mma 1970 mbali ina anaikumba nkumanga Marina da Gama, nyumba zoyera za mmbali mwa ngalande zija, ndiye kuyambira pamenepo madzi amachita kuwayendetsa ndi anthu, khomo lake lotulukira kunyanja amalitseka ndi mchenga nkumalitsegula ndi thirakitala pa nthawi yake kuti madzi amchere ndi nsomba zilowe koma nyumba zisasefukire. Vuto ndi loti mitsinje ija imadutsa mmalokeshoni ndi mmafakitale, imanyamula mapepala apulasitiki, ndipo mapampu a masuweji akafa, monga zinkachitikira nthawi ya load shedding, zonse zimathera mu Zandvlei. Mu 2021 anaitseka kwa miyezi chifukwa cha E. coli, tizilombo ta mmasuweji. Ndiye langizo ndi lakuti mvula yamphamvu ikagwa dikirani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo musasambire pafupi ndi pomwe dambolo likutulukira, ngakhale ana amapakonda chifukwa madzi ake ndi ofunda.

Kuli zamoyo zina zoti munthu nkuona?

Anangumi a southern right amabwera kuyambira cha mu June mpaka November, mukaima pa Boyes Drive kapena mukamayenda kanjira ka mmbali mwa nyanja kopita ku St James mutha kuwaona osalipira kanthu. Ma dolphin amadutsa mmagulu. Mphepo ya chilimwe imabweretsa ma bluebottle, timabaluni tabuluu tokhala ndi chingwe, timaotcha ngakhale titafa pamchenga, ana asatole. Mu August achule a western leopard toad, omwe ali pangozi yotha, amaoloka misewu usiku kupita kukaswana mmadambo ndipo pamakhala anthu ongodzipereka ndi matochi kuwaolotsa. Phiri nalo lili ndi matchire a fynbos amene amafuna moto kuti amerenso, moto waukulu wa March 2015 unayambira pamwamba pa Muizenberg pomwepa nkuyaka masiku angapo mpaka ku Hout Bay.

Ndingathe kuwedza kapena kutola nkhono?

Ndi pemiti, ndipo anthu athu ambiri amagwidwa apa chifukwa chosadziwa. Kuyambira pa Muizenberg kuzungulira Cape Point ndi malo otetezedwa a mnyanja a Table Mountain National Park kuchokera mu 2004, ndipo muli zigawo zina, monga pakati pa St James ndi Kalk Bay, zomwe simuloledwa kuchotsa kalikonse. Nkhono za perlemoen ndiye musayerekeze, ndi nkhani ya kundende. Asodzi amene mumawaona akukoka khoka pamchenga cha ku Sunrise ndi Strandfontein, kugwira yellowtail ndi ma harder, ali ndi zilolezo zawo ndipo ntchitoyi ndi ya makolo awo, akakoka mutha kugula pompo.

Tinyumba tamitundumitundu tija nta chani, ndipo akumanga chani pagombe?

Tinali tosinthiramo zovala kalelo pamene kuvula pagulu kunali kochititsa manyazi. Tinatsala pang'ono kutha ndi kuola, mu 2020 anthu a mderali anayamba kampeni yosonkha ndalama nkutikonza. Zomanga zimene zinayamba mu 2025 ndi za khoma lotchinga nyanja, lakale lamatabwa linatha ntchito, ndiye akuika masitepe a konkire poganiziranso kuti madzi a mnyanja akukwera. Gombe lonseli kale linali milu ya mchenga yoyenda ndi mphepo, anthu anamanga pamwamba pake, nchifukwa chake nkhondo ya mchenga ndi madzi siitha.

Sindidziwa kusambira bwino, ndingayambe surfing?

Yambani kaye kuzolowera madzi, ndipo tsiku loyamba musalowe nokha, lipirani phunziro limodzi pa masukulu ali pa Surfer's Corner, amakupatsani bodi yofewa ndi wetsuit ndipo mumakhala pomwe mapazi akuponda pansi. Funsani mitengo mmashopu angapo, nthawi yozizira ena amatsitsa. Kwa ana a mmalokeshoni kuli mabungwe ngati Waves for Change, limene linayambira ku Masiphumelele ndipo limagwiritsa ntchito surfing pothandiza ana amene akumana ndi zowawa, makochi ake ambiri ndi achinyamata a mmadera omwewo. Madzi akayamba kukukokerani mkati musalimbane nawo, gwirani bodi yanu, kwezani dzanja, ndipo mukaona wina akumira musalowe chimanjamanja, tengani choyandama chapinki cha NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, chimene chimakhala pamtengo mmagombe ambiri nkuimba nambala yalembedwa pachikwangwanipo. Bwerani mmawa mphepo isanadzuke, foni ndi chikwama musasiye pamchenga, ndipo mowa pagombe ndi woletsedwa, apolisi a mzinda amalanda.